Mwa mapulezidenti onse a America, ndi ati anasiya ntchito yosafafanizika?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ya sekondale. Tikafika pa atsogoleri a dziko la America, ana amangotchula Kennedy ndi Obama basi. Inu amene mwaizama nkhaniyi, ndi mapulezidenti ati amene mumawaika patsogolo, ndipo mumayang'ana chiyani powasankha?

Aphunzitsi, amene ndimamuika pamwamba pa onse ndi Abraham Lincoln. Wachiwiri ndi Lyndon Johnson, ngakhale kuti mlandu wa nkhondo ya ku Vietnam sudzamuchoka. Wachitatu ndi George Washington, pa chifukwa chimodzi chokha. Koma mayina okha sangakuthandizeni m'kalasi ngati ana sakudziwa muyeso wake. Muyeso wanga ndi uwu: chimene munthuyo anachita, anachikhoma ndi msomali wotani, ndipo chinatsala atachoka?

Pulezidenti wa America akafuna kusintha chinthu ali ndi njira zitatu, ndipo kulimba kwake n'kosiyana kwambiri. Yoyamba ndi kulamula yekha, kulemba chikalata n'kusaina. Ndi yachangu, koma womulowa m'malo akhoza kuchifafaniza tsiku lomwe walumbira. Yachiwiri ndi kudutsitsa lamulo ku Congress, nyumba ya malamulo ya zipinda ziwiri. Chipinda cha House of Representatives chili ndi aphungu 435, ndipo bilu imadutsa ndi mavoti 218 ngati onse alipo. Chipinda cha Senate chili ndi aphungu 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 50. Kumeneko kuli mwambo wotchedwa filibuster, wolola aphungu ochepa kutalikitsa zokambirana mpaka bilu itafera panjira, ndipo kuti zokambiranazo zitsekedwe pamafunika mavoti 60. Chaka cha 1975 chisanafike pankafunika magawo awiri mwa atatu, ndiye kuti 67 onse akakhalapo. Njira yachitatu ndi kusintha malamulo aakulu a dziko. Pamenepo pafunika magawo awiri mwa atatu m'zipinda zonse ziwiri, kenako zigawo zitatu mwa zinayi zilizonse zivomereze, zomwe lero ndi zigawo 38. Siginecha ya pulezidenti siifunika n'komwe, ntchito yake ndi kukopa anthu basi. Malamulo aakuluwo asinthidwa ka 27 kokha chiyambire.

Lincoln anamvetsa kusiyana kumeneku kuposa wina aliyense, ndipo anakumvetsa dziko likuyaka moto. Anapambana chisankho cha 1860 ndi mavoti osakwana 40 pa 100 alionse. Asanalumbire n'komwe pa 4 Malichi 1861, zigawo 7 zakummwera zinali zitalengeza kale kuti zachoka m'chitaganya, ndipo nkhondo itayamba ku Fort Sumter mu Epulo zinafika 11. Nkhani inali ukapolo. Anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni anali katundu wa anthu ena, ogulitsidwa pamsika, ndipo chuma cha thonje chakummwera chinali pamsana pawo.

Ana anu ayenera kudziwa kuti Lincoln sanalowe mu ofesi ngati womasula akapolo. Ankadana ndi ukapolo, koma ankakhulupirira kuti malamulo aakulu sakumupatsa mphamvu yothetsa ukapolo m'zigawo zomwe unalipo kale, ndipo ananena zimenezo poyera tsiku lolumbira. Panalinso zigawo zinayi zokhala ndi akapolo zomwe sizinagalukire: Delaware, Maryland, Kentucky ndi Missouri. Maryland ikanachoka, likulu la Washington likanazunguliridwa ndi adani. N'chifukwa chake mkulu wa asilikali John Frémont atalengeza yekha mu 1861 kuti akapolo a zigawenga ku Missouri amasulidwe, Lincoln anabweza lamulolo. Anthu odana ndi ukapolo anakwiya naye kwambiri, ndipo mkwiyo wawo unali womveka, chifukwa mwezi uliwonse wozengereza unali mwezi wina wa chikwapu kwa munthu weniweni.

Khomo limene anapeza linali mphamvu zake monga mkulu wa asilikali onse pa nthawi ya nkhondo. Akapolo ankalima chakudya cha asilikali akummwera ndi kuwakumbira maenje obisalamo, choncho kuwamasula kunali kulanda mdani chida. Anaonetsa nduna zake chikalatacho mu Julayi 1862, koma nduna ya zakunja William Seward inamulangiza kuti adikire kaye asilikali ake apambane penapake, kuopa kuti dziko lingaone ngati kulira kwa munthu wogonja. Anadikira. Asilikali ake atabweza adani pa nkhondo ya ku Antietam pa 17 Sepitembala, anachenjeza zigawo zogalukira pa 22 Sepitembala, ndipo pa 1 Januwale 1863 chikalata chomasula akapolo, Emancipation Proclamation, chinayamba kugwira ntchito.

Apa m'pamene mabuku ambiri amalekezera, koma apa m'pamene nkhani yeniyeni imayambira. Chikalatacho chinali ndi mabowo aakulu. Chinkakhudza madera ogalukira okha. Zigawo zinayi zija sizinakhudzidwe, Tennessee sinakhudzidwe, ngakhalenso mbali zina za Louisiana ndi Virginia zomwe zinali kale m'manja mwa asilikali a boma. Ufulu unkafika pamene asilikali afika, n'chifukwa chake ku Galveston, Texas, uthengawu unalengezedwa pa 19 Juni 1865, patatha zaka ziwiri ndi theka. Choopsa kwambiri chinali chakuti lamulo lobadwa ndi nkhondo likhoza kufa nkhondo ikatha. Khothi lalikulu lomwelo limene mu 1857, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika, likanatha kunena kuti akapolo abwezedwe kwa eni ake. Chabwino chimene chikalatacho chinachita nthawi yomweyo chinali kutsegulira anthu akuda khomo la usilikali, ndipo pafupifupi 180,000 analowa. Munthu amene wagwira mfuti kumenyera dziko, n'kovuta kumubwezera kumunda wa thonje ali womangidwa.

Lincoln sanakhutire ndi chikalata chake. Anafuna msomali wachitatu uja. Kusintha kwa nambala 13, kothetsa ukapolo m'dziko lonse, kunadutsa ku Senate mu Epulo 1864 ndi mavoti 38 kwa 6, koma ku House kunalephera mu Juni chaka chomwecho. Iye anaonetsetsa kuti nkhaniyi yalowa mu mfundo za chipani chake pa chisankho cha 1864. Chisankhocho pachokha n'chinthu chofunika kuwauza ana: nkhondo ili mkati, iye mwini akuyembekezera kugonja mu Ogasiti, sanachiimitse. Mzinda wa Atlanta utagwa mu Sepitembala mphepo inatembenuka ndipo anapambana. Atapambana akanatha kudikira aphungu atsopano amene chipani chake chinali ndi ambiri, koma anasankha kukakamiza aphungu akale omwe anakana aja. Anthu ake anayendera mmodzimmodzi aphungu a chipani chotsutsa amene anali atagonja pa chisankho ndipo analibenso chotaya, ena akulonjezedwa ntchito za boma. Pa 31 Januwale 1865 mavoti anali 119 kwa 56. Pankafunika 117. Zigawo 27 mwa 36 zinamaliza kuvomereza pa 6 Disembala 1865, Lincoln atagona kale m'manda. John Wilkes Booth anamuwombera pa 14 Epulo, patangopita masiku atatu kuchokera pamene anamumva akunena pagulu kuti anthu akuda ena, makamaka amene anamenya nkhondo, apatsidwe ufulu wovota.

Patha zaka zoposa 150, ndipo palibe pulezidenti kapena khothi limene lingathe kuzula msomali umenewo. Ichi ndicho chimene chimandipangitsa kumuika pamwamba.

Koma musawabisire ana zolakwa zake. Kwa zaka ndithu ankalimbikitsa maganizo otumiza anthu akuda omasulidwa kunja kwa dziko, ndipo mu 1863 anthu oposa 400 anatumizidwa ku kachilumba ka Île-à-Vache ku Haiti, kumene ambiri anafa ndi matenda ndi njala, otsalawo n'kubwezedwa. Mu Disembala 1862 anavomereza kuti amuna 38 a mtundu wa Dakota anyongedwe ku Mankato, Minnesota, ngakhale kuti anachotsa ambiri pa mndandanda wa anthu 303 omwe khothi la asilikali linaweruza kuti aphedwe. Lamulo lake la 1862 logawa maekala 160 kwa banja lililonse lolima malowo zaka zisanu linatukula alimi osauka ochuluka, koma malowo anali a eni nthaka amene anathamangitsidwa. Kusintha kwa nambala 13 komwe kunasiya mpata: kunalola ntchito yokakamiza ngati chilango cha mlandu. Zigawo zakummwera zinalowera pampata umenewo, kumamanga anthu akuda pa milandu yopanda pake ngati kuyendayenda opanda ntchito, n'kumawabwereketsa ku migodi ndi minda.

Cholakwa chake chachikulu pa ndale chinali kutenga Andrew Johnson kukhala wachiwiri wake mu 1864 pofuna mavoti. Lincoln atafa, Andrew Johnson anakhululukira akuluakulu a zigawenga, analanda malo amene anali atayamba kugawidwa kwa akapolo omasulidwa m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina ndi Georgia, ndipo anakana kusaina lamulo la ufulu wa nzika la 1866 mpaka Congress inalidutsitsa yokha. Ulysses Grant, amene analamulira kuyambira 1869 mpaka 1877, anayesetsa kukonza. M'nthawi yake munabwera kusintha kwa nambala 15 koletsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu, ndipo mu 1871 anatumiza asilikali ndi oimira boma pa milandu kukathyola gulu la azungu lozunza ndi kupha anthu akuda la Ku Klux Klan ku South Carolina. Mbiri yake inadetsedwa ndi katangale wa anthu omuzungulira, koma ndimaona kuti amanyozedwa mopitirira. Atachoka, asilikali a boma anasiya kuteteza anthu akuda kummwera, ndipo ufulu wovota unatsala papepala pokha kwa zaka pafupifupi 90. Phunziro lake ndi lowawa: ngakhale msomali wachitatu umafuna munthu woulondera.

Amene anadzaulondera anali Lyndon Johnson, ndipo apa m'pamene Kennedy wa ana anu akulowa. John Kennedy anali wolankhula mogwira mtima, wachinyamata, wooneka bwino, ndipo anaphedwa pa 22 Novembala 1963 asanakwanitse zaka zitatu pampando. Ndimamulemekeza pa chinthu chimodzi chachikulu: mu Okutobala 1962, pa mkangano wa mizinga ya nyukiliya ku Cuba, anakana malangizo a akuluakulu a asilikali oti aphulitse mabomba, n'kusankha kutseka njira za panyanja ndi kukambirana mwachinsinsi. Anayambitsanso Peace Corps, bungwe lotumiza Aamerika odzipereka kukathandiza m'mayiko ena, mu 1961, ndipo aphunzitsi ake oyamba anafika kuno mu 1963 dziko likadali Nyasaland. Koma pa nkhani ya tsankho anazengereza zaka ziwiri, kuopa kukwiyitsa aphungu akummwera a chipani chake chomwe. Bilu ya ufulu wa anthu anaitumiza ku Congress mu Juni 1963, ndipo pamene ankafa inali itakodwa, osayenda.

Johnson, wachiwiri wa Kennedy amene analowa m'malo mwake, analibe kukongola kumeneko. Anali munthu wa ku Texas, waukali, wokonda kuopseza ndi kunyengerera, ndipo kwa zaka 20 zoyambirira ali phungu ankavotera motsutsa mabilu a ufulu wa anthu akuda. Chimene anali nacho chinali kudziwa Senate ngati khonde la nyumba yake, popeza anali mtsogoleri wa aphungu ambiri kumeneko kuyambira 1955 mpaka 1961. Taonani mmene anayendetsera biluyo, chifukwa ndi phunziro labwino la mmene lamulo limapangidwira.

Aphungu akummwera ankagwiritsa ntchito mabilu ena ofunika ngati chikole: mukabweretsa ya ufulu wa anthu, ife titsekereza zonse. Panthawiyo chikole chinali bilu yotsitsa misonkho. Johnson anayamba wachotsa chikolecho. Anadula bajeti kufika pansi pa madola 100 biliyoni kuti akondweretse Harry Byrd, wapampando wa komiti ya zachuma, ndipo bilu ya misonkho inasainidwa mu Febuluwale 1964. Ku House, wapampando wa komiti yokonza ndondomeko, Howard Smith wa ku Virginia, anali ataikhalira biluyo, ndiye anamuopseza ndi kusonkhanitsa masiginecha a aphungu oti ailande m'manja mwake. Smith anagonja ndipo House inavomereza ndi mavoti 290 kwa 130. Ku Senate, Richard Russell wa ku Georgia anatsogolera filibuster kuyambira Malichi mpaka Juni. Mavoti 67 sakanapezeka m'chipani chake cha Democratic chokha, choncho Johnson anauza Hubert Humphrey, phungu amene ankayendetsa biluyo ku Senate, kuti amupatse ulemu wonse Everett Dirksen, mtsogoleri wa chipani cha Republican, amulole kusintha mawu ena ndi kuoneka ngati mwini biluyo. Pa 10 Juni zokambirana zinatsekedwa ndi mavoti 71 kwa 29, ndipo 27 mwa mavotiwo anali a Republican. Lamulo la Civil Rights Act linasainidwa pa 2 Julayi 1964, kutatsala masiku anayi kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira.

Mano a lamulolo anali m'ndime yonena kuti bungwe lililonse lochita tsankho lisalandire ndalama za boma lalikulu. Chaka chotsatira Johnson anasaina lamulo la Medicare, lolipirira chithandizo cha kuchipatala cha anthu azaka 65 kupita m'tsogolo. Pamene ndalamazo zinkayamba kutuluka mu Julayi 1966, chipatala chofuna kulandira chinayenera kuchotsa mawodi a azungu okha ndi a anthu akuda okha. Zipatala zambirimbiri zomwe zinakana kusintha kwa zaka makumi zinasintha m'miyezi yochepa. Anamanga ufulu ku thumba la ndalama, ndipo unagwira.

Pa voti zinayendanso chimodzimodzi. Kusintha kwa nambala 15 kunalipo kuyambira 1870, koma alembi a mavoti kummwera ankapereka mayeso a kuwerenga amene iwo okha ankaweruza, ndipo wolimbikira ankachotsedwa ntchito kapena kumenyedwa. Boma likasumira dera limodzi n'kupambana patatha zaka, deralo linkangopeka njira ina yatsopano. Pa 7 Malichi 1965 apolisi anamenya anthu oyenda mwamtendere pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma, Alabama, mmodzi mwa atsogoleri awo John Lewis n'kuswedwa mutu, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema. Lamulo la Voting Rights Act, losainidwa pa 6 Ogasiti 1965, linatembenuza katundu: linaimitsa mayesowo, linalola boma lalikulu kutumiza alembi ake, ndipo linalamula kuti madera okhala ndi mbiri ya tsankho asasinthe lamulo lililonse la chisankho asanapemphe chilolezo ku Washington. Ku Mississippi anthu akuda olembetsa kuvota anali osakwana 7 pa 100 alionse, ndipo pofika 1967 anali pafupifupi 60. Ulemu woyamba upite kwa amene anamenyedwa ndi kuphedwa m'misewu, a Martin Luther King Jr., a Fannie Lou Hamer ndi anzawo osatchulidwa mayina. Johnson sanayambitse moto umenewo, koma ndi iye anadziwa kuusandutsa mavoti. Mu Okutobala chaka chomwecho anasainanso lamulo lothetsa kugawa ziphaso zolowera m'dzikomo mokondera anthu a kumpoto kwa Ulaya, ndipo ndilo linatsegula njira imene Aafirika ambiri okhala ku America lero anadzera.

Popeza anali malamulo a Congress, osati kusintha kwa malamulo aakulu, akhoza kukukutidwa. Mu 2013, pa mlandu wa Shelby County, khothi lalikulu ndi majaji 5 kwa 4 linathetsa ndime yosankha madera oyenera kupempha chilolezo chija, ndipo mbali imeneyo ya lamulo inauma.

Vietnam ndiyo imamulepheretsa Johnson kukhala woyamba. Mu Ogasiti 1964 anauza Congress kuti sitima za America zaukiridwa kachiwiri ku Gulf of Tonkin, pomwe kuukira kwachiwiriko sikunachitike. Aphungu anamupatsa mphamvu zonse, awiri okha ku Senate ndiwo anakana. Asilikali a America kumeneko anachoka pa 16,000 mu 1963 kufika poposa 500,000 mu 1968. Nkhondo yonseyo inapha Aamerika oposa 58,000, ndipo anthu a ku Vietnam, Laos ndi Cambodia amene anafa amawerengedwa m'mamiliyoni. Luso lomwe lija lokakamiza aphungu analigwiritsa ntchito kubisa choonadi. Pa 31 Malichi 1968 analengeza kuti sapikisananso.

Washington ndimamutchula chifukwa anadziwa kuchoka. Mu Disembala 1783, atapambana nkhondo yolimbana ndi Britain, asilikali onse ali m'manja mwake, anabweza udindo wake ku Congress n'kubwerera kumunda. Atalamulira kuyambira 1789 mpaka 1797 anachokanso, pomwe palibe lamulo limene linkamuletsa kuimanso ndipo palibe amene akanamugonjetsa. Mwambo wa matemu awiri unakhala wopanda kulembedwa kwa zaka zoposa 140, mpaka Franklin Roosevelt anapambana kanayi, ndipo mu 1951 unalowetsedwa m'malamulo aakulu. Amene akukumbukira mkangano wa temu yachitatu ku Zambia mu 2001 ndi kuno mu 2002 akudziwa kulemera kwa chinthu chimenechi. Koma munthu yemweyo anali mwini akapolo. Pa munda wake wa Mount Vernon panali akapolo oposa 300 pamene ankafa mu 1799. Pamene likulu linali ku Philadelphia, kumene lamulo linkamasula kapolo wokhala miyezi 6, ankawatulutsa m'chigawocho nthawi isanakwane kuti masiku ayambirenso. Mtsikana wina, Ona Judge, atathawa mu 1796, anatuma anthu kukamusaka. Mu wilo yake analamula kuti akapolo ake amasulidwe mkazi wake akadzamwalira, koma moyo wake wonse anadya thukuta lawo.

Akatswiri ambiri amaika Franklin Roosevelt m'gulu la atatu apamwamba, ndipo sindikangana nawo kwambiri. Analowa mu Malichi 1933 munthu mmodzi mwa anayi alionse ali pa ulova, mabanki zikwizikwi atagwa. Anatseka mabanki onse kwa sabata imodzi, n'kutsegula okhawo opezeka olimba, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa inshuwalansi ya ndalama zosungitsa, yomwe inayamba ndi madola 2,500 pa munthu ndipo lero ndi 250,000. Penshoni ya boma ya 1935 ikadalipo. Chimene chimanditsitsira mtima n'chakuti penshoniyo inasiya kunja antchito a m'minda ndi a m'nyumba, momwe munali anthu akuda ambiri, ndipo mu 1942 anasaina chikalata chimene chinatsekera m'misasa anthu pafupifupi 120,000 ochokera ku mabanja a ku Japan, ambiri mwa iwo nzika zobadwira komweko, popanda mlandu.

Ife a kuno tili ndi ufulu wofunsanso funso lina: anatichitira chiyani? Yankho lake limasokoneza mndandanda. Dwight Eisenhower, amene mu 1957 anatumiza asilikali kukaperekeza ana 9 akuda kusukulu ya azungu okha ku Little Rock, ndi yemwenso boma lake linakonza chiwembu chofuna kupha nduna yaikulu ya Congo Patrice Lumumba mu 1960. Ronald Reagan, wokondedwa kwambiri kwawo, anakana kusaina lamulo lokhaulitsa boma la tsankho la South Africa mu 1986, mpaka Congress inamuposa mphamvu, Senate ikuvota 78 kwa 21. Jimmy Carter, amene anagonja atalamulira temu imodzi, anakana kuchotsa zilango pa Rhodesia mu 1979, anatsogolera oyang'anira chisankho cha ku Zambia mu 1991, ndipo bungwe lake linathandiza kutsitsa matenda a nyongolotsi ya Guinea kuchoka pa anthu pafupifupi 3.5 miliyoni mu 1986 kufika pa anthu osakwana 20 pachaka.

Wovuta kumuyeza kuposa onse ndi George W. Bush. Mu Januwale 2003 analengeza PEPFAR, madola 15 biliyoni pa zaka zisanu olimbana ndi Edzi, panthawi imene ma ARV anali a anthu olemera okha ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku. Zambia ndi Mozambique zinali m'gulu la mayiko 15 oyamba, Malawi n'kuyamba kulandira m'zaka zotsatira, ndipo ndondomekoyi akuti yapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni. Patangopita miyezi iwiri, mu Malichi 2003, munthu yemweyo analowa ku Iraq ponena za zida zoopsa zomwe sizinapezeke, ndipo anthu mazana a zikwi anafa. Mayi amene mwana wake anabadwa wopanda kachilombo ku Chipata ndi mayi wa ku Baghdad sangagwirizane za iye, ndipo onse awiri akunena zoona. PEPFAR inakhazikitsidwa ndi lamulo, koma ndalama zake zimadalira bajeti ya chaka ndi chaka ndi mtima wa amene ali pampando. Thandizo lakunja litaimitsidwa mu Januwale 2025, zipatala za kuno zinamva kugwedezekako m'masiku ochepa.

Za Barack Obama, auzeni ana kuti kusankhidwa kwake mu 2008 kunali chipatso cha lamulo la 1965 lija, ndipo muwaonetse ntchito zake ziwiri moyandikana. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo analidutsitsa ku Congress movutikira, mavoti 60 enieniwo ku Senate ndi 219 kwa 212 ku House, n'kulisaina mu Malichi 2010. Otsutsa atatenga boma anayesa kuligwetsa mu Julayi 2017, koma analephera ku Senate ndi mavoti 49 kwa 51, ndipo anthu mamiliyoni akadali ndi inshuwalansiyo. Pangano la ku Paris la zanyengo ndi pangano la nyukiliya ndi Iran, onse a 2015, anawalowa ndi mphamvu zake yekha chifukwa Senate sikanawavomereza. La Iran, Donald Trump analituluka mu 2018. La Paris, Trump analengeza kulituluka mu 2017, Joe Biden anabwereramo mu 2021, ndipo Trump anasainanso zotulukamo pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira.